Mbala, Oumira ndi Tambwali: Mabuku Atatu Amene Tangowerenga

Miyezi yapitayi tawerenga mabuku atatu ochokera m'mayiko osiyana, m'zilankhulo zosiyana ndiponso m'nyengo zotalikirana. Loyamba ndi Nthondo, buku la Chinyanja limene adalemba Samuel Josia Ntara, lotuluka mu 1933. Lachiwiri ndi Kitab al-Bukhala, ndiye kuti buku la anthu oumira, lolembedwa ndi al-Jahiz wa ku Basra m'dziko la Iraq, yemwe adamwalira zaka zoposa 1,100 zapitazo. Lachitatu ndi Hekaya za Abunuwas, kabuku ka nthano zoseketsa za m'Chiswahili. Onse atatuwa amakamba za anthu a khalidwe lopotoka, ndipo onse atatu ali ndi cholinga choti wowerenga atolepo nzeru. Amasiyana pa njira yofikira mumtima mwa wowerengayo. Titawatsiriza tidagwirizana pa mfundo imodzi: nkhani imamukonza munthu pamene mlembi wamusiya kuti adzione yekha m'nkhanimo, ndipo imafooka pamene mlembi waima kumapeto ndi ndodo m'manja n'kuyamba kulongosola phunziro lake.

Nkhaniyi ikukhudza makomo athu. Kuno kwa Mponda, monganso ku Malindi, ku Namwera ndi kwa Makanjira, mwana akapezeka ndi buku la nthano amafunsidwa ngati bukulo lidzabwera pa mayeso. Likakhala kuti silidzabwera, amauzidwa kuti akutaya nthawi ndi mabodza. Likakhala loseketsa, ndiye limatengedwa ngati chibwana chenicheni. Makolo ali ndi ufulu wosankhira ana awo zowerenga, koma ndi bwino kuti adziwe chimene akukana asanakane. N'chifukwa chake tikufotokoza zimene tapeza m'mabuku atatuwa, zokoma zake ndi zofooka zake zomwe.

Tiyambe ndi lakwathu. Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Nthondo adapambana mpikisano wa zolembalemba umene lidachititsa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Bukuli limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake: mwana wosamva, mbala yovutitsa abale ndi mudzi wonse, mnyamata wochoka kwawo kukasaka ntchito kutali, kenaka mfumu ya mudzi, ndipo potsiriza munthu wotembenuka mtima n'kulowa Chikhristu.

Chimene chidatigwira m'bukuli ndi masamba amene Nthondo akadali mbala. Pamenepo Ntara amalemba ngati munthu amene anthuwo akuwadziwa ndi maso. Timamva mmene akuluakulu amayankhulirana pa mlandu, mmene amayi amadandaulira mwana wawo akawachititsa manyazi, mmene wolakwa amasakira pothawira akafunsidwa. Wowerenga amakwiya naye mnyamatayo, koma salifuna kulitseka bukulo. Ife a m'boma la Mangochi, kumene anyamata ambiri amakwera mabasi kupita ku Joni, tidamuzindikira Nthondo wapaulendo mosavuta. Tidaona mwana amene akuganiza kuti akachoka pamudzi ndiye kuti wasiya khalidwe lake kumbuyo, pomwe khalidwelo walinyamulira limodzi ndi katundu wake. Mayi aliyense amene ali ndi mwana ku Johannesburg kapena ku Durban, amene foni yake ikangolira usiku mtima umagunda, masamba amenewa adzawamva bwino.

Koma Nthondo akayamba kukhala munthu wabwino, bukulo limayamba kuzizira. Mawu amene adali a anthu amasanduka mawu a ulaliki, ndipo munthu amene tidamudziwa ndi mabodza ake ndi machenjera ake amasanduka chitsanzo chopachika pakhoma. Tisamvane molakwika pano. Sitikudandaula kuti adalowa chipembedzo chosiyana ndi chathu. Ntara adalemba monga mwa chikhulupiriro chake, ndipo umenewo udali ufulu wake. Akadakhala mlembi wa kwathu kuno, n'kumutsirizitsa Nthondo pa mkeka wa mumzikiti m'njira yofulumira yomweyo, tikadadandaula chimodzimodzi. Vuto ndi lakuti mapeto adali okonzedwa kale nkhani isanayambe, ndipo wowerenga amaliona dzanja la mlembi likukankha munthu wake kuti akafike pamene pakufunikapo. Munthu weniweni akasiya kuba, dzanja limamuyabwabe kwa zaka, ndipo anthu a m'mudzi amapitiriza kubisa nkhuku zawo akamuona. Nkhondo ya mumtima yotereyi ndi imene tidaifuna yambiri m'masamba otsirizawo.

Tsopano tipite ku Basra. Al-Jahiz dzina lake lenileni adali Amr ibn Bahr, ndipo dzina limene timamudziwa nalolo adapatsidwa chifukwa cha maso ake otong'oka. Adamwalira m'chaka cha 255 pa kawerengedwe ka Hijra. Adalemba mabuku akuluakulu onga Kitab al-Hayawan, lokamba za zinyama, ndi al-Bayan wa al-Tabyin, lokamba za luso la kayankhulidwe, moti palibe angamunene kuti adali munthu wa chibwana. Komabe munthu wophunzira choteroyo adakhala pansi n'kusonkhanitsa nkhani zoseketsa za anthu oumira. M'mawu ake oyamba amaikira kumbuyo kuseka, nakumbutsa owerenga kuti Aluya ankatcha ana awo mayina onga Dahhak ndi Bassam, otanthauza woseka ndi womwetulira, chinthu chimene sakadachita kukadakhala kuti kuseka n'kochititsa manyazi. Amene sadziwa Chiarabu angalipeze bukuli m'Chingerezi, m'kumasulira kwa R. B. Serjeant kotchedwa The Book of Misers.

Nkhani zake zina n'zazifupi kwambiri. Anthu ena a ku Khurasan ankagona nyumba imodzi ndipo adagwirizana zosonkherana ndalama ya mafuta a nyali. Mmodzi adakana kusonkha. Tsono nyali ikayatsidwa, anzakewo ankamumanga nsalu m'maso kuti asaone ndi kuwala kumene sadalipire, ndipo ankamumasula pokhapokha akazimitsa nyaliyo pogona. Ena ankasonkherana kugula nyama, aliyense n'kumanga ulusi pa nthuli yake asanaiponye mumphika umodzi, kuti ikapsa akoke yakeyake. Tidaseka powerenga, koma kusekako kudatha msanga titakumbukira mikangano imene imabuka padoko asodzi akamagawana usipa m'mawa, wina n'kumawerengera mnzake mafuta a injini ndi a nyali za usiku wathawo. Pa nkhani ya nyaliyo al-Jahiz sanena amene adali woumira kwambiri, wokana kusonkhayo kapena omumanga m'masowo. Amangotisiyira ife kuti tiweruze, ndipo poweruzapo timapezeka kuti tikudziweruza tokha.

Ina ndi ya munthu wa ku Marw amene pa maulendo ake ankafikira kwa mnzake wa ku Iraq, kudya ndi kugona kwaulere, uku akunena kuti akulakalaka tsiku limene mnzakeyo adzafike ku Marw kuti adzabweze ulemuwo. Patapita zaka, wa ku Iraq uja adafikadi. Mwini mudzi adachita ngati sakumudziwa. Mlendo adaganiza kuti n'chifukwa cha zovala za paulendo, choncho adavula nsalu ya kumaso, kenaka chilemba, kenaka chipewa. Apo mwini mudziyo adamuuza kuti asadzivute, pakuti ngakhale atavula khungu lenilenilo sangamuzindikire. Akuluakulu athu amati mlendo ndi mame, ndiponso amati kupatsa n'kuika. Miyambi imeneyi timaidziwa tonse ndipo timaitchula osamva kuwawa kulikonse. Koma nkhani ya munthu wa ku Marw imaluma, chifukwa aliyense wa ife akudziwa wina amene adasungidwa miyezi m'chipinda cha mnzake ku Joni asanapeze ganyu, amene lero akaona nambala ya mnzakeyo pafoni sayankha.

Luso lalikulu la al-Jahiz limaoneka pamene wapereka mpata kwa woumira kuti adziyankhulire yekha. Pali mwini nyumba wina dzina lake al-Kindi, amene ankalandira madirihamu 30 pamwezi kuchokera kwa banja la anthu 6. Atamva kuti kwabwera alendo awiri odzakhala mwezi wathunthu, adalemba kalata yofuna madirihamu 40, powerengera asanu pa mutu uliwonse. Wochita lendi atadandaula, al-Kindi adayankha ndi kalata yaitali yolongosola kuti anthu akachuluka chimbudzi chimadzaza msanga, masitepe amaperepeseka, zitseko zimatha ndi kutsegulatsegula, ndipo madzi otayika amanyowetsa zipupa. Chodabwitsa n'chakuti mfundo zakezo n'zomveka. Wowerenga amene ali ndi nyumba ya lendi pa boma apa amayamba kuvomera ndi mutu, ndipo amadzidzimuka atafika kale pakati pa kalatayo, atazindikira kuti wakhala akugwirizana ndi munthu amene akugulitsa ulemu wa alendo pa mtengo wa madirihamu asanu. Ulaliki wotsutsa kuumira sungamufikitse munthu pamenepo, chifukwa pa ulaliki aliyense amaganizira mnzake wokhala naye pafupi.

Nthawi zina mlembiyu amatisiya tili kakasi. Amakamba za mayi wamasiye, Mu'adha al-Anbariyya, amene adapatsidwa nkhosa ya kurubani ndipo adatsimikiza mtima kuti pasatayike kanthu. Nyanga adaisandutsa chokolekapo zinthu, mafupa adawawiritsa kuti apeze mafuta asanawasonkhezere pamoto, chikopa, ubweya ndi ndowe adazipezera ntchito. Chidamusowetsa mtendere ndi magazi, amene kudya n'koletsedwa, mpaka adakumbukira kuti angathe kupakira miphika yake yatsopano kuti ilimbe. Bukuli limamuika pakati pa oumira, koma ife powerenga tidaona amayi athu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Malombe, amene amalera ana ndi kuwalipirira sukulu ndi kandalama ka nsomba zouma, osataya ngakhale mutu wa kambuzi. Kodi malire a kusamala ndi kuumira ali pati? Kwa mayi wamasiye wopanda womuthandiza, kusunga fupa ndi nzeru. Kwa munthu wa maboti atatu amene amabisa mbale akamva odi, ndi matenda. Bukuli silitiuza zimenezi, koma limatikakamiza kuziganizira, ndipo tidakhala tikukambirana za mayi ameneyu masiku angapo.

Pali chinanso chimene alembi athu angaphunzire kwa iye. Al-Jahiz amachenjeza owerenga ake kuti akapeza Chiarabu chothyoka m'bukumo adziwe kuti adachisiya dala, poti nkhani zoterezi zimatha kukoma zikakonzedwa kuti zitsate malamulo onse a chilankhulo. Katswiri wa Chiarabu ngati iye adadziwa kuti munthu wa pamsika ayenera kuyankhula ngati wa pamsika. Achinyamata athu akamalemba nkhani, kawirikawiri msodzi wa ku Makawa amayankhula Chichewa cha wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo nkhaniyo imafera pomwepo. Msodzi wathu amasakaniza Chichewa ndi Chiyao, amadula mawu, amayankha funso ndi funso linzake. Mlembi amene angamvetsere zimenezi ndi kuzilemba mokhulupirika ndiye adzatipatse anthu amoyo.

Buku lachitatu ndi lopepuka kuposa awiriwa. Abu Nuwas weniweni adali mlakatuli wa ku Baghdad m'nthawi ya Harun al-Rashid, yemwe adalamulira kuyambira mu 786 mpaka mu 809. Nthano za Chiswahili zidangobwereka dzina lake n'kuliveka pa tambwali wanzeru, wofanana ndi Juha wa m'nthano za Aluya, Nasreddin Hodja wa ku Turkey ndi Kalulu wa kwathu kuno. Chiswahili si chilankhulo chachilendo kwa Mponda ndi kwa Makanjira, kumene amalonda ndi aphunzitsi ochokera ku gombe la Kilwa ndi Zanzibar ankafika m'zaka za m'ma 1800, ndipo amene amachimva angawerengere anzawo kabukuka popanda vuto.

Nthano imene idatikomera kwambiri ndi ya munthu wosauka amene adalonjezedwa mphoto ndi wolemera wina ngati angachezere usiku wonse m'madzi ozizira. Adachezeradi, koma kutacha wolemerayo adakana kulipira ponena kuti wosaukayo ankaothera moto umene unkaoneka patali. Abunuwasi adaitana mfumu ndi anthu ake ku phwando, n'kuika mphika apa, moto uko. Njala itawapweteka adamufunsa kuti chakudya chipsa bwanji moto uli kutali chotero, ndipo iye adawakumbutsa za mlandu wa munthu wa m'madzi uja. Aliyense amene adakhalapo m'bwato m'mwezi wa June, mphepo ya mwera ikuomba, akudziwa kuti moto wa kumtunda sufunditsa munthu. Aliyense amene adagwirapo ntchito n'kumanidwa malipiro pa chifukwa chopeka akumudziwa wolemera ameneyu. Abunuwasi sadalalikire za chilungamo. Adangokonza kuti oweruzawo amve m'mimba mwawo chimene adalephera kumva ndi makutu.

Sitinganene kuti nthano zake zonse n'zotero. Pali ina imene adabwereka sefuliya kwa mnansi wake n'kuibweza pamodzi ndi ina yaing'ono, ati yaberekera kwawo. Mnansiyo adalandira mokondwa. Ulendo wachiwiri sefuliyayo sidabwerere, ndipo Abunuwasi adati yamwalira, pakuti chobereka chimafanso. Timaseka dyera la mnansiyo, amene adavomera bodza pamene linkamupindulira. Komabe mapeto ake n'ngakuti tambwali watsala ndi katundu wa mwini. Mwana wamng'ono angathe kutolapo machenjerawo n'kusiya phunzirolo. Nthano ngati imeneyi ndi yofunika kuiwerenga wamkulu ali pomwepo, kuti afunse ana kuti wolakwa ndani ndi kuwalola atsutsane okha.

Al-Jahiz nayenso tili naye mlandu. Nkhani zambiri amazikoleka pa anthu a ku Marw ndi Khurasan ngati mtundu, mpaka kunena kuti ngakhale tambala wa kumeneko amalanda chakudya kukamwa kwa thadzi m'malo moliitanira. Nthabwalayo njoseketsa, koma ife a kunyanja tikudziwa mmene zimawawira kukhala mtundu wosekedwa. Taonerapo masewero ambiri m'mene chitsiru cha m'nkhani chimadziwika ndi chipewa ndi kayankhulidwe ka Chiyao, ndipo anthu amayamba kuseka munthuyo asananene chilichonse chopusa. Kuseka kotero sikuphunzitsa kanthu, pakuti woseka amatuluka akudziona wabwino kuposa mmene adalowera. Ndime 11 ya Sura ya al-Hujurat imaletsa anthu kunyoza anthu anzawo, poti onyozedwawo angathe kukhala abwino kuposa onyozawo. Muyeso umene tikuona kuti ungathandize kholo posankha buku loseketsa ndi uwu: likatha, kodi tikuseka khalidwe limene tingalipeze mwa ife eni, kapena tikuseka anthu a mtundu wina chifukwa cha mmene adabadwira? Kalata ya al-Kindi imapambana pa muyeso umenewu. Tambala wa ku Marw amalephera.

Tikawaika pamodzi mabuku atatuwa, tikuona kuti Ntara adali ndi khutu labwino ndi diso lakuthwa, koma pomalizira adachita mantha kutisiya tokha ndi munthu wake. Al-Jahiz adalimba mtima kutisiya, ndipo n'chifukwa chake oumira ake akadali amoyo patatha zaka zoposa 1,100, mpaka tikuwapeza pa msika wa Mangochi. Nthano za Abunuwasi zili pakati: zikakhala pa mbali ya wosauka zimalasa bwino, zikangosangalala ndi utambwali zimafuna womuyang'anira mwana. Ife aphunzitsi tili ndi chizolowezi chotseka nthano iliyonse ndi mawu akuti phunziro lake ndi lakuti, ndipo ana athu adazolowera kudikira mawu amenewo kuti awaloweze. Mwana amene wauzidwa phunziro amalisunga mpaka tsiku la mayeso. Amene walifukula yekha, atatsutsana ndi mlongo wake za mayi wamasiye ndi nkhosa yake, amakhala nalo mpaka kukula.

Kwa makolo, pempho lathu ndi lakuti mabuku atatu onsewa ngoyenera kulowa m'nyumba. Nthondo awerengedwe ndi anyamata amene akulota za ulendo wa ku Joni, ndipo afunsidwe ngati akukhulupirira kuti munthu angasinthe msanga chotero. Nthano za Abunuwasi ziwerengedwe mokweza madzulo, chakudya chitatha, ana ndi akulu ali pamodzi. Buku la oumira ndi loyenera kuti mmodzi mwa ophunzira athu odziwa Chiarabu aliike m'Chichewa ndi m'Chiyao, ngakhale atayamba ndi nkhani khumi zokha. Kwa achinyamata amene amatumiza nkhani zawo ku magazini ino, pempho lathu ndi lakuti atilembere za anthu a pakati pathu: mwini boti wowerengera antchito ake nsomba imodziimodzi, wobwera ku Joni amene waiwala Chiyao m'miyezi isanu ndi umodzi, mlamu wobwereka njinga amene sabweza. Awalole anthu amenewa adziteteze ndi pakamwa pawo, ndi mfundo zawo zonse zomveka, ndipo akafika pa ndime yotsiriza imene shehe kapena mfumu imaimirira kulongosola zonse, ayese kuichotsa n'kuona ngati nkhaniyo yataya kanthu.